Agalu achuluka m'dera: tibayitse katemera, tifule, timange, tiphe kapena tiwamangire malo?

Mwana wa mlongo wanga adalumidwa ndi galu pa katumba akuchokera kusukulu, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Galuyo sadali wachilendo. Adali wa pakhomo lina la m'mudzi momwemo, kumpoto kwa boma lathu la Kasungu. Pomwe dzuwa limalowa n'kuti anyamata atamupirikitsa kale mpaka kudambo, kumupha ndi zibonga, n'kumuponya m'dzenje lakuya. Anthu mitima idakhala pansi. M'mawa mwake mlangizi wa ziweto atamva nkhaniyi adangopukusa mutu. "Bambo, mukadangomumanga," adatero. "Mwana akadayamba jekeseni lero lomwe, ife uku tikumuyang'ana galuyo masiku 10. Pano tidziwa bwanji ngati adali wachiwewe? Nanga agalu omwe adalumana naye tiwadziwa bwanji?"

Mwanayo adalandira jekeseni zonse ndipo ali moyo. Koma mayi ake adagulitsa mtedza omwe adasungira mbewu kuti alipire kabaza wa maulendo a kuchipatala.

Sabata yotsatira a gulupu adaitanitsa bwalo. Abambo ena adati tiitane a mfuti adzaombere agalu onse. Amayi a komiti ya zaumoyo adati tipemphe katemera. Mphunzitsi wina yemwe adakhalako ku Lilongwe adati kumeneko kuli malo osungirako agalu, bwanji khonsolo osatimangira ifenso. Tidabalalika dzuwa litapendeka tisanamange mfundo imodzi. Zomwe ndalemba apazi n'za anthu omwe adzakhale pa bwalo ngati limeneli: mafumu, a makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera (ADC), makhansala, a komiti za misika, ndi aliyense amene ali ndi galu pakhomo.

Mafunso oyamba tisanasankhe

Pa bwalo lija tinkakangana chifukwa aliyense adabwera ndi vuto lake. Wina ankaopa chiwewe. Wina agalu adamugwirira mbuzi ziwiri. Wina adatopa ndi tiana ta agalu totayidwa kuseri kwa nyumba yake. Mavutowa ndi atatu, ndipo mankhwala ake si amodzi. Lopha anthu ndi chiwewe, n'chifukwa chake njira iliyonse ndiiyeza poyamba ndi funso lakuti ikuchita chiyani pa nthendayi.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osafika zaka 15. Kachilombo kake kamayenda m'malovu, kamalowera pa bala, n'kukwera pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanadwale, bala litapola kale, aliyense ataiwala. Akangoyamba kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso chipatala chingamubweze.

Funso lachiwiri: agaluwo ndi a yani? Timakonda kunena kuti "agalu osokera", koma tayendani m'mudzi mwanu ndi mwana wa zaka khumi, muzimuloza galu aliyense. Akuuzani dzina la galuyo ndi khomo lomwe amagona. Ngakhale omwe amadzadza pa msika madzulo, ambiri usiku amabwerera kwawo kukalondera khola la mbuzi kapena chigafa cha fodya. Ndi agalu a eniake, kungoti sadyetsedwa mokwanira ndipo samangidwa. Mfundo imeneyi ndi yomwe imasiyanitsa njira zoyenera kuno ndi zomwe timangomva za kunja.

Tidziwenso mwini udindo. Kasungu ali ndi makhonsolo awiri, ya tauni ndi ya boma, ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo. Katemera ndi matenda a ziweto ali m'manja mwa nthambi ya zaziweto ya unduna wa zamalimidwe, yomwe alangizi ake timawapeza ku maofesi a zaulimi a m'madera, otchedwa ma EPA. Mafumu ndi omwe ali ndi anthu. Aliyense mwa atatuwa payekha amalephera.

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo wake, kuphatikizapo amene atulutse ndalamayo. Kupezeka kwake kuno kwathu, osati ku Lilongwe kokha. Zofunika kuti ipitirire, poti agalu amaswana chaka ndi chaka pomwe mapulojekiti amatha. Ndiye zoopsa zake, kwa anthu, kwa ziweto ndi kwa agalu eniakewo.

Njira yoyamba: katemera wa agalu onse chaka ndi chaka

Amene adaonapo tsiku la katemera pa bwalo la sukulu sangaliiwale. Anyamata amatulukira mbali zonse, wina akukoka galu pa chingwe cha luzi, wina pa mphira ya njinga, kamtsikana katasenza tiana tiwiri m'beseni lochapira. Galu amafika pa tebulo miyendo ili gwagwagwa. Mwini wake amamukumbatira mutu, mlangizi n'kutsina chikopa cha kumsana, kubaya, kupaka kapenti pa chipumi, kulemba kachiphaso. Mphindi imodzi siikwana. Penti ija si yokongoletsa. M'mawa mwake anthu awiri amayenda m'midzi kuwerenga agalu omwe akuwaona, angati ali ndi penti, angati alibe.

Kuwerengako n'kofunika chifukwa katemerayu amagwira ntchito pa gulu. Akatswiri adapeza kuti agalu 70 pa 100 aliwonse akabayidwa, galu wachiwewe amafa asanapeze anzake okwanira oti awapatsire, ndipo nthendayo imazilala m'deralo. Izi zidayesedwa m'dziko mwathu momwe muno. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies lidayamba ntchito mu mzinda wa Blantyre, pomwe madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth adali atadandaula za kuchuluka kwa ana ofa ndi chiwewe. Adabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, pogwiritsa ntchito mabwalo a sukulu Loweruka ndi Lamlungu, kenako kuyenda khomo ndi khomo kusaka otsala. Pambuyo pake ntchitoyi idafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu.

Mtengo. Mwa njira zonse zofuna dokotala, iyi ndiyo yotsika mtengo pa galu mmodzi. Pa kampeni ya boma mwini galu kawirikawiri salipira kanthu. Katemera weniweniyo si amene amadya ndalama. Zimapita ku mafuta a njinga yamoto, masingano, chakudya cha obaya ndi kulengeza. Apa ndi pomwe khonsolo kapena ADC ingalowererepo osachita kuthyoka msana. Yerekezani ndi mtengo wa munthu mmodzi wolumidwa: maulendo osachepera atatu a kuchipatala, masiku osapita kumunda, ndi katemera wa anthu yemwe ndi wodula kuposa wa galu maulendo ambirimbiri.

Kupezeka. Alangizi a ziweto alipo m'ma EPA, ngakhale mmodzi amayang'anira dera lalikulu kwambiri. Chovuta ndi chakuti katemera safika nthawi zonse, ndipo amafuna kusungidwa mozizira, mufiriji ndi m'mabokosi ake aja. Dera lomwe lalemberatu chiwerengero cha agalu ake n'kukapereka ku ofesi ya zaziweto limakhala patsogolo pa mzere kusiyana ndi lomwe likungodikira kumva pa wailesi.

Kupitiriza. Apa ndi pomwe timagwera. Agalu athu sakhala zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse kumabadwa ena. Mudzi omwe udabaya 70 pa 100 chaka chatha, ukadumpha chaka chino ndi chamawa wabwerera pomwe udayambira. Tsiku likhale lodziwika ngati la msika: nyengo yachilimwe, anthu atakolola, misewu ikupitika, ndipo likhale Loweruka kapena pa holide, chifukwa amene amatha kugwira galu ndi ana a sukulu. Pa 28 Sepitembala, lomwe ndi tsiku lokumbukira chiwewe pa dziko lonse, ndi chikhomo chabwino chokumbutsira ofesi. Tiana tisamasiyidwe kunyumba. Pa kampeni timabayidwa tonse, ndipo ndi tomwe ana athu amasewera nato kwambiri.

Zoopsa. N'zochepa. Wogwira galu atha kulumidwa, ndipo katemera wosungidwa pa dzuwa amatha mphamvu. Chopinga chachikulu ndi mphekesera yoti galu wobayidwa amazizira, sauwanso akuba, sathamangitsanso kalulu. Si zoona, koma mlenje sangamve za mlendo wa pa tebulo. Amamva akaona galu wa mfumu ali woyamba pa mzere. Dziwaninso kuti katemera sachepetsa agalu, ndipo saletsa galu kugwira nkhuku.

Njira yachiwiri: kufula amphongo ndi kutseka aakazi

Galu wamkazi amatha kutenga bere asanakwane chaka, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63, ndipo ambiri amafuna amphongo kawiri pa chaka. Akaswa tiana tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, tiwiri amatenga achibale, totsalato tonse tikudziwa komwe timathera: m'thumba la feteleza, kumtsinje kapena m'mbali mwa msewu. Tomwe tapulumuka ndi tomwe timakula topanda mwini, topanda katemera.

Mtengo. Ndi wokwera kwambiri pouyerekeza ndi katemera. Wamphongo ndi wosavuta. Wamkazi amafuna opaleshoni yeniyeni yotsegula pamimba, mankhwala ogonetsa, zipangizo zowiritsa ndi ulusi wosokera. Ubwino wake ndi woti amalipira kamodzi pa moyo wonse wa galuyo.

Kupezeka. Si mlangizi aliyense amene adaphunzira opaleshoni ya galu wamkazi. Madokotala a ziweto ambiri ali ku Lilongwe, komwenso kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA lomwe lidayamba mu 2008 ndipo limachita ntchito imeneyi limodzi ndi katemera. Kunyamula galu pa minibasi ulendo wa makilomita oposa 100 si chinthu chomwe mlimi wa ku Chamama angachite. Chotheka ndi khonsolo kuitana madokotala kuti adzamange msasa kwa masiku angapo, anthu atalembetseratu agalu awo.

Kupitiriza. Galu amafuna malo oyera ndi kumangidwa masiku pafupifupi 10 kuti bala lipole. Kwa dera lonse, phindu limaoneka patapita zaka, ndipo limaoneka pokhapokha aakazi ambiri atatsekedwa. Kufula amphongo okha n'kosavuta koma sikuchepetsa tiana, poti mphongo imodzi yotsala imakwanira mudzi wonse. Ndalama ikachepa, iyambire kwa aakazi.

Zoopsa. Opaleshoni yochitidwa mwauve imapha galu, ndipo galu mmodzi akafa mudzi wonse umakana. Kufula kwa kuseri kwa nyumba, kwa lezala kapena mphira, n'kuzunza nyama, ndipo bala lake limaola. Jekeseni zolerera zomwe ena amabaya agalu aakazi zimatha kuyambitsa mafinya m'chiberekero. Ndiye pali cholakwika chomwe ndamvapo kangapo, choti galu wofulidwa sagwidwa chiwewe. Amagwidwa. Chomwe kufula kumathandiza n'chakuti agalu omwe mudabaya amakhalitsa, atsopano osabaya amachepa, ndipo ndewu za nthawi yokwerana zimachepa.

Njira yachitatu: kumanga agalu, kulemba m'kaundula ndi kusamala madzala

Iyi ndi njira ya mafumu ndi makhonsolo, yosafuna singano. Mudzi umagwirizana kuti khomo lililonse lilembetse agalu ake kwa nyakwawa, galu aliyense akhale ndi chiphaso cha katemera, wolusa amangidwe masana, ndipo galu akaluma munthu mwini wake alipire ulendo wa kuchipatala. Chiwewe chikabuka, a zaziweto amatha kulamula kuti agalu onse a m'deralo amangidwe kwa nthawi yoikika.

Mtengo. Kwa khonsolo ndi kope ndi cholembera. Katundu amagwera mwini galu, chifukwa galu womangidwa sangakadzisakire yekha. Mkute ndi madeya omwe ankangoponyeredwa mwa apo ndi apo ayenera kukhala a tsiku lililonse, ndi madzi omwe. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe ana akugona ndi phala, lamulo lomanga agalu tsiku lonse silingagwire, ndipo mfumu yanzeru siilamula chomwe ikudziwa kuti anthu sangathe.

Kupezeka. Mudzi uliwonse ungayambe mawa. Kuti chindapusa chikhale ndi mano, makamaka m'tauni, pafunika khonsolo ikhazikitse lamulo lake motsata ndondomeko.

Kupitiriza. Zimadalira kusakondera. Tsiku lomwe galu wa mlamu wa mfumu adzalume mwana n'kukhululukidwa, lamulo lathera pomwepo. Mbali yomwe ambiri amaiwala ndi ya chakudya cha pa mtetete. Imani pa msika wa Chinkhoma, Santhe kapena Nkhamenya dzuwa likulowa, muone komwe agalu akulowera: kuseri kwa mabutchala, pomwe atsukira matumbo a mbuzi, pansi pa ziwaya, ndi pa dzala la malesitilanti. Malo amasunga agalu molingana ndi chakudya chomwe chilipo. Dzenje lakuya lotsekera ndi kachitseko, ndi munthu wosesa yemwe akulipidwa kuchokera ku ziphaso za msika, zimachotsa agalu ambiri pa msika kuposa mfuti.

Zoopsa. Galu wokhala pa unyolo waufupi usana ndi usiku, pa dzuwa, amasanduka wolusa kwambiri, ndipo amene amalumidwa ndi mwana wa pakhomo pomwepo. Waya amadula khosi. Kampanda kapena chingwe chachitali pa mthunzi ndiye kumanga kwabwino. Chiphaso chikakhala cha ndalama zambiri, anthu amabisa agalu, n'kuwabisanso pa tsiku la katemera.

Njira yachinayi: kuombera kapena kuthira poizoni

Sindiwaweruza abambo omwe adapempha mfuti pa bwalo lija. Munthu akaona mwana wake akutuluka magazi amafuna kuona chinthu chikuchitika lero. Koma tiyeni tiwerenge limodzi.

Tinene kuti m'mudzi muli agalu 100 ndipo 70 adabayidwa. Oombera afika, apha 30. Ndi ati amene amaphedwa? Ndi ozolowera anthu, ogona pa khonde, omwe sathawa munthu akamayandikira, ndipo amenewa ndi omwe adalola kukokedwa kupita ku katemera. Ochenjera, osagwirika, ali kuthengo. Mwatsala ndi agalu 70, obayidwa 40 okha, ndiye kuti 57 pa 100. Mwalipira zipolopolo kuti mugwetse mpanda omwe mudamanga nokha. Pakatha mwezi, aliyense amene galu wake adaphedwa wakatenga kamwana kumudzi kwina, kosabayidwa, mwinanso kali kale ndi kachilombo. A WHO adanena poyera kuti palibe umboni woti kupha agalu pakokha kudachepetsapo kwenikweni chiwerengero chawo kapena kufala kwa chiwewe.

Mtengo. Umaoneka wochepa chifukwa ndi wa tsiku limodzi: galimoto, zipolopolo, oombera ndi okwirira mitembo. Koma chakudya cha pa dzala chikadalipo, otsala amaswana bwino, ndipo chaka chamawa mulipiranso.

Kupezeka. Kuombera ndi ntchito ya boma, yochitika molamulidwa ndi a zaziweto, anthu atachenjezedwa kuti amange agalu awo. Si ya munthu wamba kapena gulu la anyamata. Poizoni ndiye amapezeka mosavuta, ndipo ndi chomwe chimandiopsa.

Kupitiriza. Ilibe polekezera. Chomwe chimatha msanga ndi chikhulupiriro. Mwana yemwe adaona galu wake akuomberedwa ndi anthu a galimoto ya boma, chaka chamawa akamva kuti kwabwera a katemera amathawira naye kudimba.

Zoopsa. Chipolopolo pakati pa nyumba sichisankha. Nyama yothira poizoni wa tameki siidziwa kuti adaikira galu: amadya ndi mphaka, nkhumba, nkhuku, ndipo mwana wokwawa amatola chilichonse. Mtembo wa galu wofa ndi poizoni umaphanso afisi ndi miimba yomwe yaudya, zomwe zili nkhani yaikulu kwa midzi yowandikana ndi paki ya Kasungu. Imfa yake ndi yowawa kwambiri, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kuzunza nyama. Poizoni ndikuti ayi, kulikonse, nthawi iliyonse.

Pali malo amodzi pomwe kupha n'koyenera. Galu yemwe akuonetsa zizindikiro, akuluma chilichonse, dovu lili chuchuchu, nsagwada yalendewera, mawu asintha, ndipo sangagwidwe popanda wina kulumidwa, ameneyo aphedwe msanga. Mutu wake usaphwanyidwe ndipo mtembo usagwidwe ndi manja. A zaziweto adziwitsidwe kuti akathe kuyeza ubongo wake ku labotale ya ku Lilongwe. Kupha galu mmodzi wodwala n'kosiyana ndi kusesa mudzi.

Njira yachisanu: malo osungirako agalu

Ganizo la mphunzitsi uja lidachokera mumtima wabwino, ndipo kumene anthu amapita kukatenga galu wamkulu kuti akamulere, malo otere amathandiza.

Mtengo. Ndi wokwera kuposa njira zonse. Kumanga mpanda ndi makola ndi poyambira chabe. Tinene kuti mwasunga agalu 50, aliyense akudya theka la kilogalamu patsiku. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 likutha masiku awiri, matumba oposa 180 pa chaka, tisanawerenge ndiwo, madzi, mankhwala, ogwira ntchito ndi mlonda. Walira mvula walira matope. Ndalama yomweyo ikadabaya agalu a ma T/A angapo.

Kupezeka. Malo otere amayendetsedwa ndi mabungwe a m'mizinda ikuluikulu omwe amadalira thandizo la anthu akufuna kwabwino. Si chinthu chomwe mudzi ungadalire.

Kupitiriza. Khomo lolowera ndi lalikulu, lotulukira ndi laling'ono. Kwathu kuno munthu akafuna galu amapempha kamwana kwa mnansi kwaulere, kuti kakule kakumudziwa. Adzatenga ndani galu wamkulu wa pa msika? Mwezi omwe ndalama ya khonsolo yachedwa, agalu otsekeredwa sangakasake.

Zoopsa. Matenda amafala msanga agalu akathithikana, anthu amazolowera kudzataya tiana pa geti, ndipo pa msika pomwe mwachotsa agalu pamabwera ena. Chomwe ndingapemphe khonsolo ndi chaching'ono: makola awiri kapena atatu olimba pafupi ndi ofesi ya zaziweto, osungiramo galu woluma munthu kwa masiku 10. Akadakhalapo amenewa, kapena tikadangodziwa kufunika kwake, galu wa m'mudzi mwathu uja sakadathera m'dzenje tisanadziwe zoona.

Njira iti, kwa yani?

Mudzi wakutali ndi tauni, komwe galu aliyense ali ndi khomo lake, uyambe ndi kaundula wa nyakwawa ndi katemera wa chaka ndi chaka. A VDC atenge chiwerengerocho kupita nacho ku ADC ndi kwa mlangizi wa ziweto mvula isanathe, kuti pofika chilimwe tsiku likhale litadziwika. Za kufula zibwere madokotala akapezeka. Musadikire kuti wina alumidwe kaye, pakadafunda padajiwitsa galu.

M'tauni ya Kasungu ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, katemera yekha sathetsa madandaulo, chifukwa anthu akudandaulanso za magulu a agalu usiku. Kumeneku ndi koyenera zinthu zitatu pamodzi: katemera, madzala otseka pa msika ndi pophera nyama, ndi msasa wotseka agalu aakazi kamodzi pa chaka. Khonsolo ya tauni ili ndi ndalama za ziphaso ndi mphamvu ya malamulo, ndipo makola a masiku 10 aja malo ake ndi amenewa.

M'maesiteti a fodya vuto limadza nyengo ikatha. Matenanti amaweta agalu olondera zigafa, ndipo akalandira zawo n'kukwera lole, galu amatsala. Amenewa ndi omwe amasanduka opanda mwini enieni. Mwini esiteti ali ndi galimoto ndi ndalama zoitanira mlangizi kudzabaya agalu onse tsiku limodzi ndi kutseketsa aakazi, ndipo khonsolo ingamufunse zimenezi popanda manyazi.

Midzi ya kufupi ndi paki, monga ya kwa Chulu ndi ina ya kumadzulo, ndi yofunika katemera koposa, poti agalu ake amakumana ndi nkhandwe ndi afisi, ndipo nthenda imatha kuyenda mbali zonse ziwiri. Mafumu akumeneko akambirane ndi a zanyama zakuthengo pamodzi ndi a zaziweto. Komwe mudzi wagundana ndi Zambia, galu sadziwa malire, choncho ndi bwino kuuzana tsiku ndi a tsidya linalo.

Dera lomwe chiwewe chabuka sabata ino lisayambe ndi mfuti. Agalu onse amangidwe, wodwalayo achotsedwe, agalu omwe adalumidwa naye aonedwe ndi a zaziweto, katemera abwere m'midzi yonse yozungulira, ndipo a zaumoyo ayende khomo ndi khomo kufunsa ana ngati pali yemwe adalumidwa kapena kukandidwa. Ana amabisa poopa kukalipiridwa, ndiye afunsidwe mofatsa, makolo atakhala chapatali.

Kwa inu a khomo limodzi: wetani agalu omwe mungathe kuwadyetsa, abayitseni chaka chilichonse, chiphaso chisungidwe pamodzi ndi mabuku a kusikelo, ndipo wamkazi mutseketseni mwayi ukapezeka. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathirapo mchere, tsabola kapena ubweya wa galuyo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti masiku 10 akwane, ndipo wina athamangire kwa mlangizi wa ziweto kukanena. Galuyo mumumange pa mthunzi, patali ndi ana, muzimukankhira chakudya ndi madzi ndi mtengo wautali mpaka mlangizi afike.